Make Nyenje ndi Khadi la TV

Make Nyenje amaluka tsitsi pakhonde la chipinda chake, chakumapeto kwa mzere wa nyumba za lendi. Aliyense amene anakhalapo pa kampando kake amadziwa kuti mayiyu amaluka ndi manja okha, maso ali kwina. Zala zimayenda m'mutu mwa munthu, koma maso ali pa mbaula ya oyandikana nawo, pa ndowa ya madzi imene wina waisiya yosavundikira, pa geti limene silitsekeka bwino. Sukulu anasiyira fomu 3 atapezeka ndi pakati. Mwanayo anabadwa wolira kwambiri, wosapumira, azimayi a pamzerepo n'kumutcha Nyenje. Dzinalo linamera mizu moti la mayi ake lenileni palibe amalikumbuka.

Pano Nyenje ndi mtsikana wa zaka zisanu, wa miyendo yosamva kuitana. Ndipo kunja kwa geti kuli msewu waukulu.

Msewu umenewu ndi umene unkamudya mutu Make Nyenje. Maminibasi amaima paliponse pamene aona munthu, njinga zamoto zimatulukira kumbuyo kwa malole ngati zaponyedwa. Tsidya lina kuli bambo wometa amene anapachika TV pakhoma, ndipo masana amaika makatuni kuti ana obwera kudzameta asamalire. Ana a pamzere anazitulukira zimenezi. Sukulu ikangoweruka ankazemba mmodzimmodzi, akuluakulu patsogolo, ang'onoang'ono pambuyo, n'kukaunjikana pakhomo pa wometayo makosi ali m'mwamba. Nyenje ankakhala womaliza kuwoloka, poti ndiye anali wamng'ono pa onse.

Anamukalipira, sizinathandize. Anamutsekera m'chipinda, mwana analira mpaka eni nyumba anabwera kudzafunsa ngati muli maliro. Anamukhazika pafupi ndi miyendo yake kuti azimupatsira meshi, koma munthu ukagwira tsitsi la kasitomala pakati pa mzere sungalisiye, ndipo Nyenje ankadziwa bwino nthawi imene manja a mayi ake amangika.

"Amake Nyenje, mutu wangawu si wa chidole," anatero aNesi tsiku lina. ANesi ndi namwino wokhala kuseri kwa mzere, kasitomala wakale, wa pakamwa posasunga mawu. "Mukamayang'ana kugeti muzisiya kaye kukoka. Ndituluka pano maso atafika m'makutu."

"Pepani aNesi. Mwamuona kumene wapita?"

"Wapita kumene amapita. Bwanji osangomugulira TV mwanayu?"

"Kuti abwere aja adzainyamule?"

Nkhani ya "aja" aNesi ankaidziwa. TV m'chipindamo inalimo. Bambo ake a Nyenje, amene anasamukira kwa mkazi wina koma n'kubweza kiyi wa mtima wokha, wa chipinda n'kusunga, amatulukira mwa apo ndi apo ngati kudzaona mwana. Akachoka, kanthu kamachoka nawo. Inayamba ndi TV, kenako wailesi, kenako simbi. Akuti zonse anagula ndi iwo.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinabwerera: kompyuta yakale ya bokosi lalikulu, imene achimwene ake a Make Nyenje anamusiyira popita kutali kukagwira ntchito yokoka mawaya. Nayonso bambo aja anainyamula, koma madzulo ake anabwera nayo thukuta lili kamukamu n'kuiponya pabedi.

"Chinthu chanji chimenechi? Aliyense akayatsa akuti sachidziwa. Mchimwene wako anaikamo za ufiti?"

Munalibe ufiti. Achimwene aja anaikamo Linakisi, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene anthu amapanga mothandizana n'kumagawana ulere. Ogula a pamsika anazolowera Windozi, ndiye ataona zachilendo pa sikirini ankangopukusa mitu. Kuyambira tsiku limenelo Make Nyenje anaikonda kompyutayo ngati mbale wake. M'chipinda monse, ndi iyo yokha imene inakana kugulitsidwa.

Ganizo la khadi linachokera kwa achimwene omwewo, pa foni.

"Mlongo wanga, TV uli nayo kale, kungoti ilibe khutu. Pali makhadi olowetsa m'mimba mwa kompyuta, kumbuyo n'kulumikiza eriyo. Makatuni aja azionekera pa sikirini yakoyo. Munthu akalowa azingoona chikompyuta chakale chomwe chija."

"Ndiye ndikangogula?"

"Ayi, dikira. Si khadi lililonse limene Linakisi amalidziwa. Ndipo bokosi usalikhulupirire. Mabokosi awiri amatha kufanana dzina ndi chithunzi chomwe, koma m'kati opanga anasintha kachipi, kanthu kakuda ka makona anayi kamene kamagwira ntchito yonse. Lina Linakisi alilandira, linalo angoliyang'ana ngati mlendo wosochera."

"Nanga ine ndidziwa bwanji, achimwene?"

"Alilowetse mu kompyuta yako yomweyo, iwe ukuona. Ndipo wina akanena kuti afufute Linakisi, ukane."

Chomalizachi sankafunika kuuzidwa.

Sitolo ya zamakompyuta ili kumapeto kwa msewu womwewo, pakati pa ogulitsa matayala ndi osoka nsapato. Mwini wake anthu amamutcha aZilipo, chifukwa chilichonse chimene ungafunse yankho limakhala lomwelo, ngakhale chinthucho sanachionepo. Ndi bambo wa magalasi opachika pachingwe, wodziwa ntchito yake, koma wosakonda mafunso ambiri. Akazi awo amakhala pa kauntala, akusenda mtedza kapena kuwerenga foni.

"Khadi la TV? Zilipo," anatero aZilipo, n'kutsitsa bokosi lonyezimira lokutidwa ndi pulasitiki.

"Limagwira pa Linakisi?"

"Limagwira paliponse, mayi. Onani, muli ndi chimbale chomwe."

Make Nyenje analitembenuza bokosilo n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Chingerezi cha fomu 3 chinamukwanira kuona kuti dzina la Linakisi silinalembedwe paliponse.

"Apa sanalembe, bambo."

"Linakisi ameneyo mukutani naye? Ndi wa ana a ku koleji osameta ndevu. Bweretsani makinawo, ndifufute, ndikuikireni ya anthu. Khadi ligwira nthawi yomweyo."

"Sindikufuna kufufuta. Tatsegulani bokosili ndione kachipi."

Bamboyo anavula magalasi. "Kachipi? Wakutumani ndani? Ndikang'amba pulasitikiyu, wobwera mawa adzati ndi lakale. Kuno timagula kaye, kutsegula kunyumba."

"Likakana?"

"Ndiye kuti vuto ndi makina anu."

Make Nyenje anabweza bokosi pa kauntala n'kutuluka. Iye si munthu wotsutsana ndi azibambo a m'masitolo. Panjira ankadzifunsa ngati sakungouma mutu pachabe.

Lachinayi lake, akuluka mtsikana wina wokonzekera ukwati, anamva matayala akulira pamsewu, kenako anthu akukuwa. Sakumbuka mmene anadutsira pageti. Anapeza njinga yamoto itagona m'mbali, woyendetsa akudzikunkhumula fumbi ndi kutukwana, ndipo Nyenje ataima pakati pa msewu, nsapato imodzi palibe, ali ndwii. Sanamugunde. Bamboyo anasankha kugwa yekha, chigongono chonse n'kusupuka.

"Mwana wanuyu, mayi? Muzimumanga chingwe," anatero, akuyang'ana bala lake.

Make Nyenje anapepesa atagwada pa phula pomwepo. Atabwerera pakhonde, zala zinakana kugwira tsitsi, mpaka mkwatibwi uja anachita kumugwira dzanja n'kumuuza kuti amalize mawa.

Mawa lakelo sanaluke. Anazula mawaya onse, anakulunga kompyuta mu nsalu, anapinda nkhata n'kuisenza. Dzanja limodzi linagwira katundu, linalo linagwira mkono wa Nyenje mwamphamvu moti mwana anadandaula njira yonse. Osoka nsapato atamuona anayamba kuseka.

"Sisi, mwayamba kugulitsa mafiriji?"

Make Nyenje anangowadutsa. Analowa m'sitolo, anatula kompyuta pa kauntala penipeni, pambali pa mbale ya mtedza, n'kukhala pa benchi la makasitomala, Nyenje pamiyendo.

"Ndabwera nayo, bambo."

"Mwaganiza bwino. Tifufute?"

"Ayi. Mulowetse khadi, tione ngati ligwire. Likagwira ndigula. Likakana tiyesa lina."

"Ndinakuuzani kale za pulasitiki."

"Ndinamva. Ndidikira."

"Mudikira chiyani?"

"Kuti mutsegule."

AZilipo anaseka, anayang'ana akazi awo, akaziwo anapitiriza kusenda mtedza. Makasitomala ankalowa ndi kutuluka, aliyense akuzungulira chikompyuta chija kuti apereke foni kapena chaja. Make Nyenje anangokhala. Mtima unkagunda mpaka m'makutu, koma anali atauuza kuti ugunde mmene ungathere, iye sadzuka.

Dzuwa litakwera, aZilipo anatopa. Anakoka katoni ya zinthu zochotsedwa m'makompyuta akufa, anafukulamo khadi lafumbi, analiuzira, n'kumasula chivindikiro cha m'mbali mwa kompyuta. Analilowetsa pa kampata kake, analumikiza sikirini ya m'sitolo ndi waya wa eriyo wochokera padenga, n'kuyatsa. Make Nyenje anaimbira achimwene ake, amene anali pa nthawi yopuma. Iwo anamuuza zilembo zoti alembe pa kawindo kakuda ka pa sikirini, iye n'kumazidina ndi chala chimodzi, mabatani akutsala akunyezimira mafuta a tsitsi. Mizere itatuluka, anaijambula n'kutumiza.

"Ili walidziwa," anatero achimwene. "Tsegula pulogalamu ya TV, ndinaikamo kale."

Anatsegula. Pa sikirini panangodzaza mchenga wothwanima, ndi phokoso ngati mvula pamalata.

"Mayi, makatuni ali kuti?" anafunsa Nyenje.

AZilipo anakanda chibwano. "Ili ndi la kaulutsidwe kakale. Masiku ano ma TV anasintha, ili silingagwire kanthu. Ndinaiwala." Ananena zoona, ndipo Make Nyenje anawalemekeza pa chimenecho.

Nthawi yomweyo Nyenje anatsetsereka pamiyendo n'kulunjika kukhomo, kumene kunkadutsa wogulitsa mabaluni. Mayi ake anamuthamangira n'kumugwira pa diresi asanaponde panja. Potembenuka, diso lake lija losagona linaona dzanja la aZilipo likuchoka kumbuyo kwa kompyuta. Panali patabayidwa kafulashi kofiira koikira Windozi, ndipo sikirini inali itasanduka ya buluu, ikufunsa mafunso.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndikukuthandizani, mayi. Mwana akufuna makatuni, inu mukufuna kupita kwanu. Ndingodina apa, pakangopita kanthawi..."

Make Nyenje sanadikire kuti amalize. Anawerama n'kuzula pulagi kukhoma. Inali pulagi ya zonse: sikirini inazima, fani inaima, wailesi ya akazi awo inadukira pakati pa nyimbo. M'sitolo munangoti zii.

"Mwatani kodi? Mukudziwa kuti mukhoza kupsereza zinthu?"

"Chotsani chanucho."

"Mayi inu, ine ntchito imeneyi ndinayamba inu musanamere mano."

"Sindikukana. Koma makinawa ndi anga. Mukaikamo zanuzo, sabata siitha, bambo ake a mwanayu adzawanyamula n'kukagulitsa, mwina kwa inu nomwe. Panopa sagulika, ndiye chifukwa chake ndikadali nawo. Dzulo mwana uyu anatsala pang'ono kufa pamsewu uwu chifukwa cha makatuni. Ine ndikufuna khadi logwira pa zimene zilimo. Ngati mulibe nenani kuti mulibe, ndisenze ndipite kwina. Koma musanene kuti zilipo."

Make Nyenje sanatsitse maso. Mnyamata wina amene anabwera kudzagula chaja anayamba kuyang'ana kudenga. Akazi a aZilipo anaika mbale ya mtedza pansi n'kudzipukuta m'manja.

"Bambo, tsegulani bokosilo."

"Iwenso?"

"Tsegulani. Mayiwa sachoka, ine ndawaona. Mukufuna tiwayalire mphasa muno? Ndipo mundibwezere wailesi yanga."

AZilipo anazula kafulashi kaja, anabwezera pulagi, n'kung'amba pulasitiki wa bokosi lonyezimira ngati akudzisenda khungu. Anachotsa khadi lakale, analowetsa latsopano. Kompyuta inayaka bwinobwino, Linakisi ali momwemo, palibe chimene chinafufutika. Make Nyenje anapuma. Analembanso zilembo zija, anajambula, anatumiza.

"Ili ayi," anatero achimwene. "Akuliona kuti lilipo, koma sakudziwa kuti ndi chiyani. Kachipi kake ndi katsopano."

"Mwaona?" anatero aZilipo. "Pulasitiki wanga wapita pachabe."

Koma anali atavala magalasi, ataweramira khadi lija, akuwerenga tizilembo ta pa kachipi. Munthu wa ntchito akakumana ndi chinthu chomukana, mkwiyo umasanduka chidwi. Anapempha foni n'kuyamba kulankhula ndi achimwene aja, mawu awo a manambala okhaokha, wina akutsutsa, wina akuseka. Kenako anapita pawindo la sitolo, pamene panali bokosi lina la mtundu womwewo, limene linakhala padzuwa mpaka utoto unafwifwa, ntchentche zitaferapo.

"Ili linabwera ndi katundu woyamba," anatero. "Dzina lomwelo, chithunzi chomwecho. Tione m'kati."

Ili sanadandaule nalo pong'amba. Anayang'ana kachipi, anawerengera achimwene, ndipo ku foni kunamveka kuseka.

"Limenelo ndi lathu. Lowetsani, bwana."

Pulogalamu inayamba kufufuza masiteshoni, kamzere kobiriwira kakukwawa pang'onopang'ono. Make Nyenje anagwira m'mphepete mwa kauntala. Kenako panatulukira bambo wa tayi akuwerenga nkhani, mawu ali mbee. Anadina kutsogolo: mpira. Anadinanso: kagalu ka buluu kakuthamangitsa basi.

Nyenje anakuwa mpaka osoka nsapato anasuzumira.

"Khadi ili linakhala pawindo osagulidwa, kani linkadikira mutu wouma," anatero aZilipo akumanga chivindikiro. Anawonjezerapo ka eriyo ka m'nyumba ka nyanga ziwiri. Akazi awo anathira mtedza m'thumba la diresi la Nyenje, n'kufunsa Make Nyenje ngati amaluka za mizere yopyapyala.

Kunyumba, eriyo anaiimika pawindo kuseri kwa katani, poti kunja isaoneke. Anamuuza Nyenje kuti za TV asauze munthu. Tsiku loyamba mwana anakhala pamkeka osaphethira, ndipo mayi ake analuka mutu wonse wa mkwatibwi uja maso ali pa tsitsi. Mkwatibwiyo anati sanalukidwepo bwino chonchi.

Tsiku lachiwiri, sukulu itaweruka, aNesi ali pa kampando, Make Nyenje anamva mapazi a ana akulowera kugeti. Anasuzumira m'chipinda. Kagalu ka buluu kanali pa sikirini, koma pamkeka panalibe munthu. Nyenje anali ataima pakona ya khonde, nsapato zili m'manja, akuyang'ana anzake.

"Nyenje. Makatuni ali m'nyumba."

"Ndaona."

"Nanga ukupita kuti?"

"Muno mulibe woseka naye."

Make Nyenje anaima, chingwe cha meshi chili pakamwa. Zimenezi sanaziganizire. Anasenza chikompyuta msewu wonse, anakangana ndi bambo wa msinkhu wa atate ake, koma mwana ankawolokera anzake, makatuni anali pongokumanira.

"Mukaitana gulu lija, pofika madzulo mzere wonse udziwa kuti muli ndi TV," anatero aNesi, mutu uli chopendekeka. "Ndipo mzere ukadziwa, aja amva."

Make Nyenje ankadziwa. Ankadziwanso kuti ana ndi fumbi, ndi zala pa sikirini, ndi mikodzo pamkeka, ndiponso kuti iye chitseko chake sanachisiyepo chotsegula chiyambire. Anayang'ana kugeti. Mnyamata wamkulu pa gululo anali atatulutsa kale mutu kunja, akuyeza maminibasi.

"Gwirani apa, aNesi," anatero, n'kuwapatsa nsonga ya tsitsi lawo lomwe.

Anapita kugeti, analikankha ndi phewa mpaka linatsekeka, n'kuima kutsogolo kwake manja m'chiuno.

"Nonsenu, tembenukani. Makatuni lero ali kwa Nyenje. Nsapato muvulire pakhonde, ndipo wokhudza waya ndimumeta mpala ndi lumo lobuntha."

Ana anayang'anana, kenako anathamanga mopikisana. Nyenje anafika patsogolo, n'kuima pakhomo ngati kondakitala, akuloza aliyense pokhala. Make Nyenje anatsegula chitseko mpaka kukhoma n'kuchitchinga ndi njerwa, kenako anasuntha kampando ka aNesi kuti poluka aziona m'kati.

"Ndatopa kugwira, mkono wafa," anatero aNesi. "Koma ndanena, amake Nyenje. Aja amva."

"Amve," anatero Make Nyenje, akulandira tsitsi lija. "Akabwera adzapeza ana khumi pamkeka ndi azimayi awo pakhonde. Adzayambe wadutsa pamenepo. Weramani, aNesi, tatsala ndi kumbuyoku."

M'chipinda ana anaphulika kuseka onse pamodzi, ndipo mawu a Nyenje ndi amene ankamveka pamwamba.